Kodi kosi ya bizinesi yomwe yunivesite inabweretsa ku Mangochi ndi yoyenera ndalama zake?

Yunivesite ina ya m'dziko muno imachititsa kosi yaifupi yophunzitsa kuyambitsa bizinesi pa boma la Mangochi, ndipo amene amaloledwa kulembetsa ndi ophunzira ake omwe ali pa tchuthi, achinyamata omwe anatenga kale madigiri koma ntchito sinawaonekere, komanso aliyense yemwe ali ndi satifiketi ya MSCE bola akwanitse kulipira. Makalasi amachitika Loweruka ndi Lamlungu masana mu holo ya lendi, zomwe zimapatsa mpata Asilamu kupita ku mzikiti Lachisanu ndi Akhristu ambiri kupemphera Lamlungu m'mawa, ngakhale kuti a Sabata amavutikirapo. Ine ndinachita kosiyi mpaka kumapeto, ndipo kwa amene akufunsa ngati ndi yoyenera ndalama zake ndikuti inde, koma adziwiretu kuti chimene akugula ndi luso lowerengera ndalama ndi lofunsa makasitomala, osati bizinesi yokhwima yoti akangotuluka mu holomo ayambe kudyerera. Pomwe kosiyi imapunduka ndi pakuti nthawi zambiri imaiwala kuti ikuchitikira ku Mangochi.

Chifukwa chimene makosi otere achulukira sichisowa. Chikhazikitsireni masomphenya a Malawi 2063 mu Januwale 2021, nkhani yoti achinyamata azilemba anzawo ntchito m'malo moyenda ndi maenivelopu m'maofesi ili pakamwa pa aliyense, ndipo mayunivesite ambiri, a boma ndi oyima paokha, anaika phunziro la bizinesi m'madigiri omwe kale analibe nalo ntchito. Wophunzira yemwe anatenga ngongole ya sukulu ku bungwe la boma lobwereketsa ophunzira la HESLGB amadziwa kuti ngongoleyo ikumudikira, kaya ntchito waipeza kaya ayi. Kuno ku Mangochi, boma lomwe kalembera wa 2018 anapeza kuti lili ndi anthu oposa 1 miliyoni, pali njira ina yomwe inapondedwa kale ndi ambiri, ya ku Joni, ndipo mnyamata akakhalitsa pakhomo ndi digiri yake, achibale amayamba kufunsa ngati pasipoti anapangitsa. Ambiri mwa omwe tinali nawo mu holo muja anabwera kudzafuna chifukwa chokhalira kuno kwawo.

Kosiyi inagawidwa m'zigawo zinayi: kupeza vuto lomwe anthu angalipire kuti lithe, kufufuza msika, kuwerengera ndalama, ndi kulemba pulani yoti ukaifotokoze pamaso pa oweruza tsiku lomaliza. Aphunzitsi amasinthana, ndipo kusiyana kwawo n'kwakukulu moti nthawi zina umaona ngati walembetsa makosi awiri osiyana.

Chigawo chowerengera ndalama ndicho chimabweza fizi yonse, ndipo chinali m'manja mwa mayi ena achikulire omwe zinkaoneka kuti geni anaichitapo okha, osati kungoiwerenga m'mabuku. Iwo sanayambe ndi matanthauzo a mawu. Anaitana mnyamata wina yemwe ganizo lake linali lopikula usipa wouma pa doko n'kukagulitsa ku Limbe, anamupatsa choko, n'kumuuza kuti alembe pa bolodi ulendo umodzi wokha. Iye analemba kuti waoda usipa wa K200,000, wagulitsa K290,000, ndipo pansi pake analemba phindu la K90,000 n'kulizunguliza mosangalala. Mayiwo anayamba kumufunsa modekha, funso limodzi pa nthawi. Kodi usipawo wafika bwanji ku Limbe, ndipo iwe wabwerera bwanji? Analemba K35,000. Matumba, anyamata onyamula ndi tikiti ya msika? K8,000. Wagona kuti, wadya chiyani? K15,000. Makasitomala ena akulipira pa foni, nanga potapa ndalamazo ndi poimbira asodzi wawononga zingati? K5,000. Kenaka anafunsa za usipa wa pansi pa thumba womwe umafika utanyenyeka, umene amayi a mumsika amaugula pa mtengo wa chisoni, ndipo mnyamatayo, yemwe kwawo ndi kunyanja, anavomera yekha kuti pamenepo pamapita mwina K12,000. Pa bolodi panatsala K15,000. Funso lomaliza linali lakuti masiku onse amene wakhala pa doko kudikira maboti, kuphatikiza a mumsika, akanakhala kuti walemba munthu ntchito akanamulipira zingati. Mnyamata uja anaika choko pansi, ndipo holo yonse inaseka, koma ambiri tinkaseka tikuyang'ana mapepala athu omwe.

Pa maziko amenewo ndi pomwe anamangira zina zonse. Anatiphunzitsa kusiyanitsa ndalama zomwe zimatuluka mwezi ndi mwezi kaya wagulitsa kaya sunagulitse, monga lendi ndi laisensi, ndi zomwe zimakula malinga ndi kuchuluka kwa katundu, ndipo kuchokera pamenepo kupeza chiwerengero cha zinthu zomwe uyenera kugulitsa kuti ungobweza zomwe walowetsa. Anaumirira kuti mwini bizinesi azidzilipira malipiro odziwika ndipo asamapise m'thumba la bizinesi pogula ndiwo, chifukwa mpamba sudyedwa tsiku limodzi koma pang'onopang'ono, lero sopo, mawa chipepeso cha pamaliro. Pa nkhani ya okongola katundu anangoti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo anatilamula kukhala ndi makope awiri, lina la zolowa ndi zotuluka, lina la ngongole, momwe aliyense wotenga katundu pa ngongole alembedwe tsiku ndi dzina, ngakhale atakhala amalume. Zimenezi si zachilendo kwa mayi aliyense wa golosale, koma ndinadabwa kuona kuti anthu omwe anakhoza masamu a pa yunivesite anali asanaziganizirepo.

Chigawo chofufuza msika nachonso chinandikhutiritsa, makamaka chifukwa sichinathere mu holo. Anatigawa m'magulu n'kutitumiza mumsika waukulu, pa depoti ya mabasi, ndi kutsidya kwa mlatho wa Bakili Muluzi, kuti tikalankhule ndi anthu omwe tikuganiza kuti adzatigula tisanawononge ngakhale tambala. Lamulo lake linali limodzi, ndipo ndi lanzeru: osafunsa munthu kuti kodi mungagule chinthu chakutichakuti, chifukwa Mmalawi mwaulemu wake amayankha kuti angagule kwambiri pofuna kuti usagwe mphwayi. Tinauzidwa kufunsa zomwe zinachitika kale, monga kuti munagula liti komaliza, munagula kwa yani, munalipira zingati, ndipo chinakunyansani n'chiyani. Gulu lina linali ndi ganizo lopanga juwisi wa malambe wa m'mabotolo, ndipo linali litataya nthawi yambiri kukangana za dzina ndi maonekedwe a chizindikiro chomata pa botolo. Litabwerako kumsika linafotokoza kuti palibe ngakhale mmodzi yemwe anatchula za chizindikiro, koma onse ankafuna chinthu chozizira, chifukwa kutentha kwa Mangochi mu Okutobala sikufuna kufotokozera. Ndiye kuti bizinesi yawo yeniyeni inali ya filiji, magetsi ndi madzi oundana, ndipo pulani yonse anailembanso. Magulu omwe anali ndi munthu wolankhula Chiyao anabwera ndi mayankho ozama kuposa ena, ndipo ndikuona kuti okonza kosi akanayenera kuganizira zimenezi pogawa magulu m'malo mongowerenga mayina motsatira kaundula.

Zinthu zinayamba kupendekeka titafika pa chida chotchedwa Business Model Canvas. Chidachi pachokha n'chabwino. Ndi pepala limodzi logawidwa m'mabokosi 9, momwe umalemba makasitomala ako, chomwe ukuwapatsa chimene ena sakuwapatsa, njira yofikitsira katundu, momwe udzasungire ubale ndi ogula, komwe ndalama zidzalowere, zipangizo zofunika, ntchito zofunika, ogwira nawo ntchito, ndi zomwe udzawononge. Ubwino wake ndi wakuti bodza limaonekera msanga, chifukwa bokosi lomwe sunaliganizire limakhala lopanda kanthu pamaso pa aliyense. Koma abambo omwe anaphunzitsa chigawochi anabwera ndi zithunzi za pa kompyuta zomwe zikuoneka kuti anazikonzera anthu a kwina, ndipo zitsanzo zonse zinali za Uber, Airbnb ndi Amazon. Panalibe cholakwika chomwe ananena za makampaniwo, koma pa khomo pa holo pomwepo panali anyamata a kabaza omwe bizinesi yawo ikanadzaza mabokosi onse 9, kuyambira mwini njinga yemwe amalandira ndalama yake madzulo mpaka makaniko wa pansi pa mtengo. Panjira ya ku Monkey Bay pali kampani ya nsomba ya Maldeco ndi mahotela omwe amagula ndiwo zamasamba, mazira ndi nkhuku tsiku ndi tsiku, ndipo funso lakuti amagula kwa yani, pa mgwirizano wotani, amalipira pakatha masiku angati, likanatiphunzitsa zambiri kuposa mbiri ya kampani ya ku America. Wina atafunsa zimenezi, anayankhidwa kuti tiziganiza zazikulu.

Vuto lalikulu kwambiri, lomwe ndikufuna kuti aliyense wolembetsa alidziwe, lili pa fomu yolosera kayendedwe ka ndalama pa chaka. Fomuyi ili ndi mizere 12 ya miyezi, ndipo tinauzidwa kulemba zogulitsa za mwezi woyamba kenaka n'kumawonjezera pang'ono mwezi uliwonse mpaka Disembala, ngati kuti chaka chimayenda mofanana. Ku Mangochi chaka sichiyenda choncho, ndipo mwana aliyense wa m'mbali mwa nyanja amadziwa zimenezi. Mwera ukayamba kuwomba cha mu Juni mpaka Ogasiti, maboti amakhala pamtunda masiku ambiri ndipo mtengo wa nsomba umakwera. Usipa amaupha usiku ndi nyali, choncho mwezi ukawala kumwamba umasowa, kutanthauza kuti ngakhale mkati mwa mwezi umodzi muli masabata a chakudya ndi masabata a njala. Kumapeto kwa chaka boma limatseka nyanja ku mitundu ina ya makoka kuti chambo chiswane. Mvula ikagwa usipa umachuluka nthawi zina koma umawolera pa thandala chifukwa dzuwa kulibe, ndipo n'chifukwa chake m'madoko ena anayamba kuyesa matenti oumitsira nsomba. Wogulitsa zakudya ayenera kudziwa kuti m'mwezi wa Ramadan malonda a masana amatsika ndipo a madzulo amakwera, komanso kuti mwezi umenewu umasuntha chaka ndi chaka ndi masiku pafupifupi 11, kotero sungaulembe pa mzere umodzi mpaka kalekale. Wodalira alendo amadyera pa Pasaka, pa tsiku la anakubala mu Okutobala ndi pa Khirisimasi, kenaka Januwale ndi Febuluwale amakhala akuyang'ana msewu. Zonsezi sizinatchulidwe ndi mphunzitsi aliyense, ndipo titazidzutsa ife ophunzira tinauzidwa kuti tiziike pa kabokosi ka ziopsezo komwe kali kumapeto kwa pulani.

Ine sindikuvomereza kuti zimenezi ndi ziopsezo. Chiopsezo ndi chinthu chomwe chingachitike kapena ayi, monga namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, kolera ya 2022 ndi 2023 yomwe inavuta kwambiri boma lino ndipo inachititsa makhonsolo ena kuletsa malonda a zakudya zophikaphika, kapena kukwera kwa madzi a nyanja mu 2024 komwe kunamiza magombe a malo ambiri ogona alendo. Mwera ndi kutseka kwa nyanja zimabwera chaka chilichonse, ndipo pulani yomwe siziwerengera imalonjeza ndalama m'miyezi yomwe kulibe ndalama, kenaka mwini wake amatenga ngongole yobweza mwezi ndi mwezi podalira lonjezo limenelo. Nkhani ya kugwa kwa kwacha nayonso inangodutsidwa, chonsecho aliyense mu holomo ankakumbukira kuti ndalamayi inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wogulitsa katundu wochokera kunja amene saphunzira kuika mtengo poyang'ana ndalama yomwe adzaodere katundu wotsatira, osati yomwe anaodera wapitayo, amagulitsa shelefu yonse mosangalala n'kupeza kuti ndalama yomwe ali nayo ikungodzaza theka la shelefuyo.

Za malamulo zinaphunzitsidwa tsiku limodzi, mothamanga koma molondola. Tinauzidwa kuti dzina la bizinesi limalembetsedwa potsatira lamulo la Business Registration Act la 2012 ndipo kampani potsatira Companies Act ya 2013, kuti kusiyana kwakukulu n'kwakuti ngongole ya bizinesi ya munthu mmodzi imatsata mwini wake mpaka pakhomo pomwe ya kampani imathera pa kampaniyo, kuti nambala ya msonkho ya TPIN imatengedwa ku MRA, kuti laisensi yochitira malonda imachokera ku khonsolo, ndiponso kuti chakudya kapena chakumwa cha m'paketi chimafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards kuti chilowe m'mashopu akuluakulu. Mfundo yomwe inathandiza ambiri ndi yakuti mahotela ndi mabungwe safuna kugula kwa munthu wopanda TPIN ndi akaunti ya ku banki, choncho kulembetsa si kungomvera boma koma ndi khomo la makasitomala olipira bwino. Za makopaletivi, omwe ndi njira yomwe alimi ndi ogulitsa nsomba ambiri amagwiritsa ntchito, zinangotchulidwa m'chiganizo chimodzi.

Pa nkhani ya mpamba ndi pomwe nkhope zambiri zinagwa, chifukwa chikalata choitanira anthu ku kosiyi chinali ndi mawu akuti ophunzira adzalumikizidwa ndi obwereketsa ndalama. Chomwe chinachitika n'chakuti mlendo yemwe ankayembekezeka kuchokera ku bungwe lina lobwereketsa ndalama sanabwere, ndipo m'malo mwake tinalandira mndandanda wa maofesi oti tikayesere tokha. Mayi a masamu aja ndi omwe anapulumutsa tsikulo polankhula chilungamo. Anakumbutsa kuti mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, kuti mabanki amabwereketsa pamwamba pa pamenepo, ndipo amafuna chikole chomwe wophunzira alibe. Anatiwerengetsa chiwongoladzanja cha banki mkhonde ndi cha katapila pa chaka chonse m'malo mwa pa mwezi, ndipo manambala omwe anatuluka anatseka pakamwa omwe ankati katapila ndi wachangu. Uphungu wawo unali woti munthu ayambe ndi kachinthu komwe angakwanitse ndi ndalama ya chipereganyu kapena ya m'thumba, apeze kasitomala wolipiriratu theka, ndipo akaonekere kwa obwereketsa ali ndi kope la miyezi ingapo losonyeza kuti malonda akuyenda. Uphungu umenewu ndi wabwino, koma si umene unalonjezedwa pa chikalata, ndipo yunivesite ikanachita bwino kuchotsa lonjezolo.

Tsiku lomaliza linali la mpikisano, pomwe aliyense amapatsidwa mphindi zochepa kufotokoza pulani yake m'Chingerezi pogwiritsa ntchito pulojekita. Apa ndi pomwe ndinaona kuti zomwe kosi imaphunzitsa ndi zomwe imayamikira n'zosiyana. Amene anapambana anali anyamata olankhula bwino omwe anali ndi ganizo la pulogalamu ya pa foni yolumikiza asodzi ndi ogula a m'tauni, ndipo zithunzi zawo zinali zokongola, koma atafunsidwa ngati analankhulapo ndi msodzi anayankha kuti zimenezo zili m'gawo lachiwiri la ntchito yawo. Mtsikana wina wochokera cha ku Malindi anabwera ndi madengu ndi mikeka ya mlaza zolukidwa ndi amayi a m'mudzi mwawo, kope la zogulitsa lomwe ngodya zake zinali zitapindika, ndi uthenga wa pa foni wochokera ku malo ena ogona alendo woitanitsa katundu wina. Chingerezi chinamuvuta, anasokoneza dongosolo la zithunzi, ndipo atapempha kuti amalize m'Chichewa anauzidwa kuti malamulo salola. Iye yekha ndi amene anali atachita zonse zomwe tinaphunzitsidwa, kufunsa ogula, kuwerengera mtengo ndi kusunga kope, koma sanalowe ngakhale pa atatu oyamba. Ndikumvetsa kuti wochita bizinesi tsiku lina adzafunika kuima pamaso pa a banki kapena a mabungwe akunja, koma malikisi ambiri akanayenera kupita ku umboni wakuti wina walipirapo kale, ndipo kalankhulidwe kabwere pambuyo.

Za kayendetsedwe ka zinthu ndingonena mwachidule. Holo imatentha kwambiri masana ndipo magetsi akazima mafani amaima limodzi ndi pulojekita, chifukwa jenereta panalibe. Manotsi amatumizidwa pa WhatsApp, zomwe n'zabwino kwa amene ali ndi foni yamakono ndi bandulo, koma yemwe alibe laputopu amavutika polemba pulani ndipo amawononga ndalama zina m'malo otayipira ndi kusindikiza. Aphunzitsi ankasunga nthawi kuposa ophunzira. Satifiketi inachedwa kutuluka, ndipo kosi ikatha palibe amene amakutsatira kuti aone ngati bizinesi inayamba, kupatula gulu la WhatsApp lomwe ophunzira tinasunga tokha, momwe anthu amauzana mitengo ya katundu ndi galimoto zomwe zikupita ku Blantyre zopanda katundu.

Amene angapindule kwambiri ndi kosiyi ndi munthu yemwe ali kale ndi kageni kake, ngakhale ka mafilizesi kapena kogulitsa mayunitsi pa sukulu, chifukwa aliyense wa aphunzitsi akamalankhula amakhala ndi poyesera zomwe akumva. Wobwera chimanjamanja poyembekezera kuti ganizo alipeza mu holo adzatuluka ndi pulani yolembedwa bwino ya bizinesi yomwe sadzaiyamba. Musanalipire funsani ngati chigawo chowerengera ndalama ndi ulendo wa kumsika zikadalipo, chifukwa aphunzitsi amasintha, ndipo mukapatsidwa fomu ya miyezi 12 ija, kaidzazeni mutakhala pansi ndi munthu yemwe wachita malonda omwewo kwa zaka zingapo kuno, akuuzeni miyezi yomwe amadya ndi yomwe amangopirira. Fizi ilipidwe ku akaunti ya yunivesite ndipo lisiti musunge, chifukwa adzalifuna potenga satifiketi. Ochokera ku Makanjira, Namwera, Monkey Bay kapena Chembe awonjezere pa fiziyo ndalama ya thiransipoti ndi pogona Loweruka lililonse, popeza kalasi imatha madzulo galimoto zobwerera kumeneko zitayamba kusowa, ndipo kwa ena ndalama imeneyi imaposa fizi yeniyeniyo.